Magalimoto a mabwana akufa batire ali chiimire: mlandu si wa motorista yekha

INSACA – Anthu a ku Mecanhelas anazolowera kuona galimoto itatitimira m'matope nyengo ya dzinja. Chimene sanazolowere ndicho kuona galimoto yatsopano, yonyezimira, yogulidwa ndi ndalama zankhaninkhani, itaima pabwalo la ofesi dzuwa likuswa mtengo, mafuta ali odzaza, matayala ali bwino, koma ikukana kulira. Motorista adina batani, tinyali ta kutsogolo kwa chiongolero tiphethira kamodzi, kenaka ziii. Lachisanu madzulo galimotoyo inali yamoyo. Lolemba m'mawa batire lafa.

Zikatero woyamba kulozedwa chala ndi motorista. Akuti anasiya wailesi ikulira. Akuti anatenga batire labwino kukaika pa sola kunyumba kwake, nabweza lakale. Mekaniko nayenso satsala: akuti anagulitsa batire lachinyengo. Zoterezi zimachitikadi nthawi zina, pakuti akuba sasowa. Koma pamene batire lachiwiri ndi lachitatu lifanso imfa yomweyo, m'galimoto yomweyo, motorista atasinthidwa kale, mlanduwo uyenera kufunidwa kwina.

Nkhani ya batire si yachilendo kwa anthu a m'boma lino. Nkhondo itatha mu 1992, mabanja akubwerera kuchokera kothawira ku Malawi, batire la galimoto linali chuma cha pakhomo. Linkamangidwa pa njinga ndi mphira, ulendo wokalitchajitsa kwa mwini injini, kuti wailesi ilire masiku angapo. Lero ambiri amalidzaza ndi sola ya padenga. Mlimi aliyense amene anasungako batire akudziwa kuti likaphwa mpaka pansi ndi kusiyidwa choncho masiku ambiri, silibwereranso mwakale. Akudziwanso kuti kanthu kakang'ono kosiyidwa kolumikiza usiku wonse kamamaliza moto. Nzeru yomweyi ndiyo ikufunika pa galimoto ya bwana.

Galimoto yakale ukachotsa kiyi, zonse zinkazima ngati wauzira koloboyi. Yamakono siitero. M'kati mwake muli timakompyuta tambirimbiri: ka injini, ka mabuleki, ka zitseko, ka alamu, ka wailesi. Injini ikazimitsidwa timeneti timatenga kanthawi, mwina mpaka theka la ola, kuti tigone, ndipo tina sitigoneratu chifukwa timadikira kiyi ya rimoti. Amisiri amawerengera kuti galimoto yogona bwino siyenera kukoka moto wopitirira mamiliampeya 50. Pa mlingo umenewo batire la mphamvu ya 70 Ah lingakhale pafupifupi mwezi lisanafike pa theka. Koma kompyuta imodzi ikakana kugona n'kumakoka ampeya imodzi, ndiye kuti pa tsiku papita 24 Ah, ndipo pakutha pa masiku awiri kapena atatu galimoto siingalirenso. Masiku ake ndi omwe aja: Lachisanu mpaka Lolemba.

Chokanitsa tulo chimakhala chaching'ono. Kiyi ya rimoti yopachikidwa pafupi ndi pamene galimoto imagona. Chitseko cha kumbuyo chosatsekeka bwino chifukwa cha fumbi. Madzi olowa m'mawaya powoloka dambo. Ndiponso zinthu zoonjezera zimene mabungwe amakonda kumangirira: kachipangizo kolondola kumene galimoto iri, wailesi yolankhulirana, kafiriji. Zikalumikizidwa molunjika ku batire, zimadya usana ndi usiku.

Mbali yachiwiri ndi ya kudzaza. Injini ikamayenda, alternador, amene tsidya la Malawi amati alitaneta, amabwezera moto m'batire. Wakale ankapereka mavoti pafupifupi 14 nthawi zonse. M'magalimoto ambiri atsopano kompyuta ndiyo imamulamula, ndipo imamuchepetsa mphamvu pofuna kusunga mafuta. Pa ulendo wautali palibe vuto. Koma galimoto ya bwana pa Insaca imayenda bwanji? Kuchoka kunyumba kupita ku ofesi, ku ofesi kupita kumsika, mphindi zisanu, choziziritsa mpweya chiri choyatsa. Kuliza injini ya dizilo kumatapa moto wambiri, ndipo ulendo wotere subweza zonse zimene zatapidwa. Tsiku ndi tsiku nkhokwe ikutsika popanda wozindikira. Onjezanipo kutentha kwa Okotobala m'chigwa cha nyanja ya Chirua, kumene kumakalambitsa batire msanga, ndi mabampu a misewu ya kumidzi amene amagwedeza za m'kati mwake.

Choopsa kwenikweni chiri pa mankhwala amene anthu anazolowera. Kale galimoto ikakana, anyamata asanu ankaikankha, motorista n'kuponya giya yachiwiri, ulendo n'kupitirira. Galimoto ya otomatiki siikankhika, ngakhale utasonkhana mudzi wonse. Kale mekaniko ankazula batire injini iri kulira, kukalizira galimoto ina. Kuchita zimenezo pa galimoto yamakono ndi kuika makompyuta ake pa moto. Chimodzimodzi kubwereka moto ku lole ya mavoti 24, kapena kusemphanitsa waya wofiira ndi wakuda ngakhale kwa kamphindi. Vuto la batire limodzi limasanduka la kompyuta, imene mtengo wake uposa wa mabatire ambiri.

Ngakhale kugula batire latsopano kuli ndi msampha. Magalimoto amene amadzizimitsa okha akaima ndi kudziliza okha ponyamuka amafuna batire la mtundu wa AGM kapena EFB. Batire wamba la pa sitolo limalowa pamalopo ndithu, koma silikhalitsa. Ena, monga a BMW, amafuna kuti batire likasinthidwa kompyuta iuzidwe ndi makina apadera. Ikapanda kuuzidwa imadzaza latsopano ngati kuti ndi lakale lija. Makina otero sapezeka pansi pa mtengo wa mango. Kuchoka pa Insaca kufika ku Cuamba ndi makilomita oposa 80, ndipo akalephera kumeneko ulendo ndi wa ku Nampula, kapena kudutsa malire kukafika ku Blantyre.

Asaganize wina kuti matendawa ndi a kuno kokha. Mu 2024 makampani a Hyundai ndi Kia anaitanitsa magalimoto awo a magetsi zikwizikwi ku America, chifukwa chipangizo chodzaza batire laling'ono la mavoti 12 chinali kuonongeka. Inde, ngakhale galimoto yoyendera magetsi iri ndi batire laling'ono lotere, ndipo likafa galimoto yonse imaima. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mwini wake amaimba lamya, galimoto yokoka n'kubwera, iye n'kukwera ina. Kuno galimoto imodzi ikaima pamaima zambiri. M'boma limene magalimoto ndi owerengeka, galimoto ya ofesi kapena ya bungwe ndi yomwe imapemphedwa usiku kuti inyamule mayi wovutika pobereka ku Chiuta kapena ku Entre Lagos. Mayiyo sadziwa za AGM. Amangomva kuti galimoto yakana, ndipo abale ake amayamba kufuna njinga yamoto.

Pali ena amene amati mankhwala ake ndi kubwerera ku magalimoto akale. Mawuwa ali ndi mbali yake. Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene Toyota anayamba kupanga mu 1984 ndipo akuipangabe, inatchuka m'midzi ya Niassa chifukwa chakuti mekaniko wa sipanala ndi waya amaimvetsa. Koma si zoona kuti chakale chiri chonse n'chabwino. Magalimoto atsopano amamwa mafuta pang'ono, mabuleki ake ndi odalirika, ndipo pa ngozi amapulumutsa anthu amene akale akadawapha. Cholakwa si kugula galimoto yamakono. Cholakwa ndi kuigula ku Maputo kapena ku Lichinga, kuitumiza ku Mecanhelas ndi kiyi ndi kalata basi, ngati kuti ikupita mumzinda wa magalaja.

Wosaina cheke ya galimoto yotere asainenso ya zinthu zitatu zimene mtengo wake pamodzi sufika pa matayala ake: tchaja yoyenera mtundu wa batirelo, kachipangizo koyezera mavoti, ndi masiku ochepa a maphunziro kwa motorista ndi mekaniko wa pa boma. Kumene kulibe magetsi a EDM, kasola kakang'ono kokhala ndi choletsa kudzaza mopitirira kamatha kusunga batire la galimoto yoima. Anthu akumudzi akuchita kale zimenezi pa madenga awo. N'zodabwitsa kuti pa maofesi ndi pomwe nzeruyi ichedwa kufika.

Kuyeza kwake si kwa ufiti. Batire lopumula, lodzaza bwino, limaonetsa mavoti 12.6. Likaonetsa 12.2 liri pa theka. Likatsika pansi pa 12, liyenera kudzazidwa tsiku lomwelo. Pofuna kugwira mbala ya moto, mekaniko amaika choyezera pakati pa batire ndi waya wakuda, atseka zonse, adikira theka la ola kuti makompyuta agone, kenaka achotsa mafyuzi imodzi imodzi kufikira nambala itagwa. Fyuzi imene yagwetsa nambalayo ndiyo ikuloza kumene moto ukuthawira. Bwana amene sanalamule kuti ntchito ya ola limodzi imeneyi ichitike alibe chifukwa chodulira malipiro a motorista, kapena kumuchotsa ntchito ndi dzina la wakuba limene lidzamutsata mpaka kumudzi kwawo.

Nkhaniyi ikukhudzanso mlimi kapena wamalonda amene wapeza bwino pa fodya, soya kapena nsomba za ku Chirua, ndipo maso ake ali pa galimoto yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan. Zambiri mwa izo ndi za otomatiki, zina ndi zodzizimitsa zokha, ndipo zimafika zitakhala masabata ambiri pa doko ndi m'sitima, batire litaphwa kale kangapo. Asanawerenge metikali yake afunse wogulitsa kuti batire lake ndi la mtundu wanji, likupezeka ku Cuamba kapena ayi, ndiponso ngati kulisintha kumafuna kompyuta. Ndipo galimotoyo aisiye igone masiku atatu osailiza, adzaidine yekha batani m'mawa wa tsiku lachinayi wogulitsayo ali pomwepo.