Mwana wa ku yunivesite akati "ndatopa", timumvere

Caka ndi caka timagulitsa cimanga, nshawa ndi soya, ena mpaka ng'ombe ya pa joko, kuti mwana akaphunzire ku UNZA mu Lusaka kapena ku CBU mu Kitwe. Akatuma foni timafunsa za mayeso ndi za ndalama cabe. Ndi angati mwa ife amene amafunsa ngati mwanayo akugona tulo?

Katundu wa ana awa ndi wolemera. Malo ogona pasukulu sakwanira, ndipo ambiri amapanikizana m'nyumba za lendi monga ku Kalingalinga. Boma linacotsa ndalama za cakudya mu 2019 ndi kuzibwezeretsa mu 2023, koma amalandira ndi okhawo amene ali pa loni ya boma. Ena amagwa m'kaloba ndi m'njuga ya pafoni. Pamwamba pa izi timawauza kuti mudzi wonse ukuyang'ana iwo. Tsono mwana akafeluka, adzauza yani?

Mutu ukamodzi susenza denga. Mwana akayamba kudzipatula, kusadya, kuleka kulowa m'kalasi, kumwa mowa mosadziletsa kapena kunena kuti kuli bwino kufa, tisathamangire kunena kuti ndi ulesi kapena kuti am'lodza. Kuvutika maganizo ndi matenda, monga shuga ndi BP, ndipo kuli cithandizo cake. Tisaope kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funso lotere silimupatsa maganizo oipa, koma limamutsegulira khomo lolankhulira.

Ambiri tikamva za Chainama timaganiza za amisala omangidwa. Zinthu zinasintha. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, kulowa m'malo mwa la atsamunda, ndipo limateteza ulemu ndi ufulu wa wodwala. Ku UNZA kuli alangizi pansi pa ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Nambala ya 933 ya Lifeline ndi yaulere, usana ndi usiku. Tiilembe pacikuto ca buku la mwana asanakwere basi.

Kwa akhristu anzathu tikuti: pemphero ndi cipatala sizilimbana. Wodwala malungo timamupempherera uku tikupita naye ku kiliniki. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungathe kucepetsa mlandu wa munthu wodzipha, ndipo Mpingo umawapempherera anthu otere. Conco tileke kunyoza mabanja ofedwa mwa njira iyi.

Tikupempha akuluakulu a mayunivesite kuti aonjezere alangizi, maka-maka pa nyengo ya mayeso ndi pamene zotsatira zatuluka, ndipo asunge cinsinsi ca ophunzira. Miphakati yathu idziwe maina a ana ake amene ali kutali ndi kumawatumira foni.

Ndipo ife makolo, mwana akalephera timuuze poyera kuti pakhomo mpake. Caka ca sukulu angathe kucibwereza. Ng'ombe tidzagula ina. Mwana ndiye sitingamugule.