M'mera mpoyamba, koma dzuwa limabweranso

"M'mera mpoyamba," amatero akuluakulu polangiza za kulera mwana. Mlimi wa ku Chiuta, m'boma la Mecanhelas, mwambiwu amautsata ndi manja pa nazale yake ya fodya kapena tomato. Nthawi yowokera ikayandikira, amachotsa udzu wophimba pabedi n'kuchepetsa kuthirira, mbande n'kumafota masana. Mlendo angayese nkhanza. Eni ake amati kukhwimitsa mbande.

Nzeruyi asayansi akuivomereza. Chomera chikalawa kutentha kosapyola muyeso, chimapanga mapuloteni otchedwa HSP, amene amatchinjiriza mapuloteni anzawo kuti asaume ngati dzira pamoto. Chizindikiro choyamba cha zimenezi anachiona Ferruccio Ritossa wa ku Italy mu 1962, pa tintchentche ta pazipatso. Kenaka pa kachomera kotchedwa Arabidopsis panadziwika kuti puloteni ya HSFA2 imasiya zizindikiro pa majini oteteza, moti kutentha kukabwereza, chomeracho chimadziteteza mwamphamvu kuposa chinzake chokulira pamthunzi. Ubongo chilibe, koma chimakumbuka.

Kukumbukako n'kwa masiku owerengeka, ndipo apa ndiye pali nkhawa. Chimanga chikamamasula, kutentha kopyola madigiri 35 kumapha mungu wa ku ngayaye, ndevu zimauma, chitsononkho n'kutuluka chamagweru. Mu 2011, David Lobell ndi akatswiri a bungwe lofufuza za chimanga la CIMMYT atasanthula minda yoyesera yoposa 20,000 mu Africa, anapeza kuti digiri iliyonse yopyola 30, ikakhala tsiku lathunthu, imadula zokolola ndi 1 peresenti, ndipo kukakhala chilala ndi 1.7 peresenti. Ng'amba ya El Niño ya mu Febuluwale 2024 inapeza minda yambiri ya m'chigawo chino cha Africa pa msinkhu womwewu.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, yosaya ija, anaona nyanja ya Chilwa, pafupi pomwepa, ikuphwa mu 1995. Choncho sangadalire chimanga chokha. Makolo ankasakaniza mapira, chinangwa ndi nandolo chifukwa mbewuzi zimapirira dzuwa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mapira akunyozedwa ngati chakudya cha njala. Alangizi ochokera ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, afike ndi mbewu ya chimanga yoyesedwa pa kutentha mvula yoyamba isanagwe, ndipo alimbikitse kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowatentha, kuti chinyezi chikafike mpaka nthawi ya ngayaye.