Mbale ya 500 yen ku Hiroshima

Chaka chatha ndinali mmodzi mwa aphunzitsi a masamu ndi sayansi amene tinapita ku Japan kukachita maphunziro a masabata ochepa mothandizidwa ndi bungwe la JICA. Ndisananyamuke, mayi a kunyumba anandikhazika pansi. "Bambo, alawansi mukalandire kumenekoyo ndi malata a nyumba yathu. Musakadye malata."

Mawuwo ndinawasunga. Sabata yoyamba yonse, madzulo ndinkagonera buledi ndi tiyi m'chipinda, poopa mitengo ya m'malesitilanti. Koma Loweruka lina tikuyenda mumzinda wa Hiroshima, njala inandipinda. Ndinapatukira m'kanjira kena n'kupeza kalesitilanti kakang'ono. Pawindo anaikapo mbale za zakudya zapulasitiki zoonetsera, iliyonse ndi mtengo wake. Ndinafufuza yotsikitsitsa: 500 yen, kandalama kachitsulo kamodzi basi.

M'katimo munali mipando isanu ndi itatu, ndipo ophika anali agogo awiri, aamuna ndi aakazi. Chijapani sindidziwa, choncho ndinangoloza ndi chala. Agogo aakazi anandibweretsera kathaulo konyowa kopukutira m'manja ndi madzi ozizira aulere. Kenako inafika mbale: mbali ina mpunga, mbali ina msuzi wabulauni wolimba ngati phala. Eni ake amati kare raisu. Nditaona kuti amadyera supuni mtima unakhala pansi, chifukwa timitengo tawo tija tinali titandichititsa kale manyazi.

Msuziwo suwawa tsabola, uli ndi katseketseke pang'ono. Nditautakasa ndinapezamo anyezi, karoti, mbatata ya kachewere ndi tinthuli ta nkhumba. Ndinaseka ndekha. Zonsezi si zomwe timagula pamsika wa Lizulu?

Mnzathu wa ku Japan amene ankatiperekeza pamaphunziro anandifotokozera pambuyo pake kuti chakudyachi n'chobwera. Anafika nacho ndi Angerezi m'nthawi ya mfumu Meiji, amene analamulira kuyambira 1867 mpaka 1912, ndipo Angereziwo zokometsera zake anaziphunzira ku India. Ajapani amalimbitsa msuziwo ndi ufa wa tirigu wokazinga m'mafuta. Masiku ano amagulitsa zosakaniza kale, zoumba ngati chokoleti, zomwe umangobenthula n'kuponya mumphika. Mu 1963 kampani ya House inatulutsa Vermont Curry, yothira apozi ndi uchi kuti ana adye osalira. Ana amadya kare kusukulu, ndipo asilikali apamadzi amadya Lachisanu lililonse.

Koma chimene chandilembetsa lero si mbiri imeneyi. Ine ndinagula chakudya chotchipitsitsa m'nyumbamo, komabe agogowo anandiweramira ngati ndagula nkhuku yathunthu. Kumanja kwanga kunali bambo wa suti, kumanzere mnyamata wa zovala zomangira nyumba, ndipo tonse anatilandira mofanana. Potuluka ndinasiya 100 yen yothokoza. Agogo ananditsatira mpaka pakhomo kudzandibwezera, poti kumeneko sapereka ya pamwamba.

Ndinakumbukira malesitilanti ena a pamsika pafupi ndi sukulu yathu. Ukaitanitsa nyemba m'malo mwa nkhuku, nkhope ya wogulitsa imasintha, mbale amachita kukuponyera, madzi osamba m'manja ndi omwe asambamo anthu asanu. Ophunzira anga ena amalolera kuswera ndi njala kusiyana n'kukanyozedwa chifukwa cha ndalama zochepa. Ena mwa iwo ndi amene amasinza ndikamaphunzitsa masamu masana.

Eni malesitilanti, ndikudziwa kuti mafuta ophikira ndi makala zakwera mtengo. Sindikupempha kuti mutsitse mitengo. Koma kupukuta tebulo, kusintha madzi a m'beseni ndi kunena kuti "takulandirani" sikudula tambala. Wa nyemba lero ndiye wa nkhuku mawa.

Kwa agogo aja ndinabwererako kanayi, ndipo malata tinagulabe. Ndinabweranso ndi kabokosi kamodzi ka kare, komwe mayi a kunyumba anaphika ndi mpunga wa Kilombero. Mwana wathu wamkulu atanyambita supuni anafunsa ngati ku Japan kuli aphunzitsi okwanira, kapena abambo apitenso.