Zapafonizi si chisuwani ayi

Foni zotchipa zabwera ndi sewero lonyansa kuno ku Angónia. Anyamata akhala pakhonde la golosale ku Ulongwe, wina abisa nambala, asintha mawu, n'kuimbira gogo wa kumudzi: "Mayi, mwana wanu wa ku Joni uja watumiza ndalama, thamangirani kwa ejenti." Gogo asiya khasu m'munda wa mbatatesi, amanga chitenje, ayenda mtunda wonsewo chisanu cha Juni chikumulasa m'mafupa. Akafika, ndalama kulibe. Anyamata aja ali chagada ndi phwete, mawu ajambula kale kuti aponye pa WhatsApp.

Ukawadzudzula amati, "Timangocheza, Achewa ndife anthu a nthabwala." Limenelo ndi bodza. Nthabwala zathu zili ndi malamulo. Msuweni wako amakunena mano, amakutcha mkazi wake anthu ali gwa, koma amatero mukupenyana, nawe umabweza mpaka iye asowe chonena. Ngakhale adzukulu pamaliro amaponya zoseketsa, koma aliyense akudziwa kuti ndi ana a yani. Wina ati, nanga gule sabisa nkhope? Amabisa, inde. Koma Simoni wa nkhope yofiira uja amanyogodola mzungu, munthu wamphamvu, ndipo gule akalumpha malire pali mfumu ndi akuluakulu a kudambwe omufunsa. Wobisa nambala amufunsa ndani?

Mngelezi wina, Thomas Hobbes, adalemba mu 1651 kuti munthu amaseka akadziona mwadzidzidzi kuti wapambana mnzake. Apa adalasa. Mnyamata amene ntchito alibe, fodya wagulitsa motaya, kwa mphindi ziwiri amakhala bwana: walamula munthu wamkulu kuyenda, ndipo wayendadi. N'chifukwa chake saimbira mkulu wa polisi kapena bwanamkubwa wa ku Tete. Amasankha nkhalamba, wamasiye, mtsikana wamanyazi. Foni imamuthandizanso kusaona nkhope ya mnzakeyo ikugwa, choncho chisoni sichipeza polowera.

Mu Disembala 2012, owulutsa mawu awiri a wailesi ya 2Day FM ku Sydney adaimbira chipatala cha King Edward VII ku London akudziyesa Mfumukazi Elizabeth ndi Prince Charles. Namwino amene adalandira foniyo, Jacintha Saldanha, adadzipha patatha masiku atatu. Awirinso aja ankati akungocheza.

Kuno vuto lina likuyandikira. Abale athu ali ku Dedza, ku Ntcheu, ku Joni, ndipo uthenga wa matenda ndi wa maliro umadutsa malire a Calomue pa foni yomweyi. Gogo wopusitsidwa kawiri, tsiku lachitatu adzadula foni ya zoona.

Inu amene mumalandira mawu ojambulidwawa pagulu la WhatsApp n'kuyika tizithunzi toseka, ndinu amene mumalipira anyamatawa. Akakutumizirani ena, funsani pagulu pomwepo dzina la woimbayo ndi mudzi wake, ndipo musawapititse kwina.