Bokosi la besi si khola la nkhunda

Abale anzanga, tiyeni tinene chilungamo. Galimoto zambiri zimene zikugunda m'misewu ya ku Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu sizikuimba nyimbo ayi. Zikungobuula. Magalasi akunjenjemera, nambala yakumbuyo ikulira, koma mwini wake mutamufunsa kuti woimba gitala ya besi akutani, sangakuyankheni. Zonse ndi "duu, duu" basi. Kodi ndalama zija mudazivutikira kuti mugule zimenezi?

Wolakwa si sipika. Wolakwa ndi bokosi, ndi ife amene timaliyesa khola la nkhunda loti aliyense wodziwa kugwira hamala angakhome.

Ineyo ndidapusapo. Ndidatenga sipika yanga ya mainchesi 12 kupita nayo kwa mmisiri wina. Mkuluyo adayeza buti ya galimoto, sipikayo osaiyang'ana n'komwe. Adaboola bowo, n'kulowetsamo kachidutswa ka paipi, nati: "Bwana, apa mumveka mpaka ku Ndirande." Ndidamvekadi. Miyezi iwiri isanathe sipika idang'ambika. Safunsa adadya phula.

Mabokosi odziwika alipo atatu. Loyamba ndi lotseka, lopanda potulukira mpweya. Mpweya wa m'kati umagwira sipika ngati sipuling'i kuti isapitirire malire. Amene adatchukitsa nzeru imeneyi ndi Edgar Villchur wa ku America m'chaka cha 1954. Lachiwiri ndi la bowo, limene Albert Thuras wa ku Bell Laboratories adalembetsa mu 1932. Bowolo limachunidwa pa liwu limodzi, ndipo pafupi ndi liwulo bokosi limawonjezera phokoso ndi madesibelo atatu kapena kuposerapo. Koma nyimbo ikatsika kupyola pamenepo, mpweya umasiya kugwira sipika, ndipo imangovina yokha mpaka kung'ambika. Lachitatu ndi la bandpass, momwe sipika imabisika m'kati, mawu n'kumatulukira pabowo pokha. Limabangula zedi, koma pa mawu ochepa okha, ndipo sipika ikayamba kuvutika simumva. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye ine ndikuti: munthu wofuna kumva nyimbo, osati kuopseza anthu apamsika, asankhe bokosi lotseka. Ogulitsa adzakuuzani kuti ndi lofooka. Chimene sakuuzani n'chakuti galimoto ndi kachipinda kakang'ono, ndipo payokha imakweza mawu otsikitsitsa, omwewo amene bokosi lotseka limayamba kuchepetsa. Ziwirizi zimathandizana. Nsambo yotsikitsitsa ya gitala ya besi ya nsambo zinayi imalira pa 41 Hz. Ikani Lucky Dube kapena Alleluya Band m'bokosi lotseka lomangidwa bwino, mudzamva chala cha woimba chikuyenda nsambo ndi nsambo. Komanso bokosili ndi laling'ono. Masipika ambiri a mainchesi 12 amakwanira m'malita 30 kapena 35, pamene bokosi la bowo limafuna pafupifupi kawiri. Kodi thumba la ufa mudzaliika pati?

Sindikunena kuti bokosi la bowo ndi loipa. Likawerengedwa bwino limaimba mokoma ndipo silivutitsa ampulifaya. Koma kuwerengako ndiye nkhani. A. Neville Thiele wa ku Australia adalongosola masamu ake mu 1961, Richard Small n'kuwapititsa patsogolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. N'chifukwa chake sipika yabwino imabwera ndi pepala la manambala otchedwa Fs, Qts ndi Vas. Qts ikakhala pansi pa 0.4, sipikayo imakonda bowo. Ikakwera kupitirira 0.5, itsekereni. Nanga mmisiri amene sadaonepo pepalalo, kutalika kwa paipi akukutenga kuti? Kumaloto?

Tsono musachite manyazi. Funsani wogulitsa pepala la manambala. Akakana, tulukani m'sitolomo. Funsani mmisiri kuti bokosi likhala la malita angati. Thabwa likhale lochindikala, la MDF ya mamilimita 18, lomatidwa ndi guluu m'makona monse. Mukaumirira la bowo, ampulifaya ikhale ndi sefa yodula mawu otsika kuposa pamene bowolo lachunidwa.

Ndipo kwa inu oyendetsa maminibasi: akatswiri a zaumoyo amati phokoso la madesibelo 85 munthu asapitirize nalo maola asanu ndi atatu pa tsiku, la madesibelo 100 mphindi 15 zokha. Mayi wakhala pamwamba pa bokosi lanu ndi khanda kumbuyo adalipira ulendo, sadalipire ugonthi. Inunso hutala ya mnzanu kapena kulira kwa ambulansi mumva bwanji?

Sipika ikang'ambika mudzagula ina. Khutu likafa, sitolo yake kulibe. Wakutsina khutu ndi mnansi.