Kuphwasula injini kukhale komaliza

Pamisika monga pa Lizulu, Jenda, Mponela ndi Thondwe, njinga yamoto ndiwo munda wa mabanja ambiri. Ndiyo imagula ufa, ndiyo imalipira fizi, ndiyonso imathamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera pakati pa usiku. N'chifukwa chake tsiku limene njinga yakana kulira m'mawa, banja lonse limagwira njakata.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pa tsiku lotere ndalama zambiri zimangolowa m'madzi. Mwini njinga amaikankhira kwa makaniko amene wayandikira, ndipo ola lisanathe zitsulo za injini zili mbwee pansi pa mtengo. Kenaka amauzidwa kuti akagule pisitoni, maling'i ndi magasiketi, chonsecho vuto linali pulagi yakuda kapena madzi m'kabuleta. Ena amafika poganizira anzawo a pa siteji kuti awachita chipongwe.

Mchitidwe wothamangira kuphwasula injini uyenera kutha. Njinga zakale monga Yamaha DT 125, AG 200 ndi Honda XL 125, zimene alangizi ankayendera m'midzi, ngakhalenso zochokera ku China zimene zadzadza m'misewu, zimafuna zinthu zitatu kuti zilire: mafuta osakanikirana bwino ndi mpweya, moto wa papulagi, ndi mphamvu ya pisitoni yopanikiza mpweyawo. Wofufuza vuto ayenera kuyamba ndi chosavuta ndi chotsika mtengo.

Poyamba ndi mafuta. Kodi m'thanki muli petulo wokwanira, nanga kampopi ka pansi pa thanki n'kotsegula? Pachivindikiro cha thanki pali kabowo kolowetsa mpweya, ndipo kakatsekeka ndi fumbi petulo satsika bwino. Pansi pa kabuleta palinso kasikuluwu kokhetsera mafuta. Kukamasula n'kukhetsera mafutawo m'botolo loonekera, madzi ndi zinyalala zimaoneka zitakhazikika pansi.

Apa mpofunika kukumbukira kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene adayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, choncho njinga ikakhalitsa osayenda, makamaka nyengo ya dzinja, mafuta amaguga ndipo timabowo ta m'kabuleta timatsekeka. Pamwamba pa izi pali petulo wa m'zigubu amene adachuluka pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022. Wogula m'mbali mwa msewu sadziwa ngati mwathiridwa palafini kapena madzi. Mankhwala ake n'kutaya mafuta oipawo ndi kutsuka kabuleta, osati kutsegula injini.

Chachiwiri ndi moto. Asanagwire sipanala, mwini njinga aone kaye ngati kaswitchi kozimitsira injini ka pachiwongolero sikadakhudzidwe ndi ana posewera. Akatero amasule pulagi, chifukwa pulagi imaulula zambiri. Ikakhala youma pambuyo poponda kiki kangapo, ndiye kuti petulo sakufika. Ikakhala yonyowa, mafuta achuluka, ndipo chofunika n'kuiumitsa, kuchotsa choki ndi kuyesanso. Ikakhala ndi mwaye wakuda, kawirikawiri sefa ya mpweya imakhala itatsekeka ndi fumbi la m'misewu ya dothi.

Poyesa moto, pulagi imalumikizidwa ku waya wake n'kuikhudzitsa pa chitsulo cha injini, kutali ndi petulo, kenaka n'kuponda kiki. Moto wamphamvu umathetheka mwa mtundu wa buluu. Ukapanda kuoneka, ayese pulagi ina asanaganize zogula koilo kapena CDI. Nthawi zambiri vuto limakhala waya wothothoka kapena wochita dzimbiri. Adziwenso kuti njinga zambiri zakale zoliza ndi kiki zimapanga zokha moto, kotero kugula batire yatsopano sikungathandize ngati vuto lili kwina.

Chachitatu ndi mphamvu ya pisitoni. Munthu akatseka bowo la pulagi ndi chala chachikulu wina n'kuponda kiki, mpweya uyenera kukankha chalacho mwamphamvu. Ngati kiki ikungotsika mopepuka ndipo chala sichikukankhidwa, apo ndiye nkhani ya maling'i kapena mavavu ingayambe. Ngakhale pamenepo, pa injini zokhala ndi mavavu, makaniko wodziwa ntchito amayamba wayeza mpata wa mavavuwo, pakuti akathina mpweya umathawa ndipo kuwakonza sikufuna kugula chitsulo chilichonse.

Amakaniko ambiri a m'misika adaphunzira ntchito pongoonerera, ndipo ntchito yawo ndi yotamandika. Koma wophwasula injini asanayese zitatuzi akudya thukuta la mnzake, kaya mwadala kaya mosadziwa. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito zamanja, likuyenera kufikira amakaniko oterewa komwe ali ndi maphunziro aafupi a kafufuzidwe ka zovuta za injini. Magulu a akabaza nawo angachite bwino kuphunzitsa mamembala awo zinthu zing'onozing'onozi pamisonkhano yawo.

Udindo waukulu uli ndi eni njinga. Sipanala ya pulagi ndi pulagi yapadera siziyenera kusowa pansi pa mpando. Oyilo asinthidwe pa nthawi yake, sefa itsukidwe, ndipo njinga ikamakhala masiku osayenda kampopi ka mafuta katsekedwe. Popita ku galaja, mwini njinga ali ndi ufulu wofunsa chimene chapezeka ndi kuonetsedwa chitsulo chowonongekacho asanatulutse ndalama.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi zochepa zofufuza mafuta, moto ndi mpweya zingapulumutse ndalama za fizi ya teremu yonse.