Bad Gastein Siikhutira ndi Mlendo wa Tsiku Limodzi

Kumwera kwa mzinda wa Salzburg m'dziko la Austria, ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pa sitima ya pamtunda, kuli katawuni kotchedwa Bad Gastein, m'mapiri a Hohe Tauern. Anthu ake ndi pafupifupi 4,000 basi, koma nyumba zake zimaoneka ngati zidasochera kuchokera ku Vienna: mahotela ataliatali omangidwa mokakamira m'mphepete mwa phompho, ndipo pakati pawo mtsinje wa Gasteiner Ache umagwa m'mathithi atatu otsatizana, mamita 341 onse pamodzi. Pamlatho wa pakati pa tawuni anthu amachita kukuwa kuti amvane, ndipo nkhungu ya mathithiwo imanyowetsa nkhope ndi galasi la foni. Pamlatho pomwepo ndi pamene alendo ambiri masiku ano amaima, kujambula, kumwa khofi, kenako n'kuthamangira sitima ya madzulo. Ine ndikuti ulendo wotere, ngakhale si mlandu, umaphonya chimene tawuniyi idamangidwira. Malo a madzi ochiritsa amapindulira mlendo wokhalitsa, ndipo nawonso amapindula ndi mlendo wotereyo. Koma otsutsa mfundoyi ali ndi zifukwa zimene sitingangozikankhira pambali.

Mbiri ya maloyi ndi mbiri ya anthu obwera ndi masutikesi ambiri. Nyumba yotchedwa Badeschloss idamangidwa m'zaka za 1791 mpaka 1794 kuti muzifikira bishopu wamkulu Hieronymus Colloredo, amene ankalamuliranso dziko la Salzburg. Mfumu Wilhelm I ya ku Prussia, imene pambuyo pake idakhala mfumu ya Germany yense, inkabwera pafupifupi chaka chilichonse pakati pa 1863 ndi 1887, ndipo inkakhala masabata. Poti mfumu inali kumeneko, ndale nazo zidatsatira: pangano la Gastein la pa 14 August 1865, logawana ulamuliro wa zigawo za Schleswig ndi Holstein pakati pa Austria ndi Prussia, adalipangira mu hotela ya Straubinger, moyang'anana ndi Badeschloss. Panganolo silidathe chaka, mu 1866 mayiko awiriwo adamenyana. Franz Schubert adapeka nyimbo ya piyano kumeneko mu 1825, ndipo katswiri wa za maganizo a anthu Sigmund Freud adakhalako miyezi yotentha ya zaka zingapo. Njanji itafika mu 1905 mahotela adachulukana, ndipo Grand Hôtel de l'Europe idamalizidwa mu 1909. Tikaona zipinda zodyera zikuluzikulu, zipinda zowerengera, ndi tinjira tosalala todulidwa m'mbali mwa phiri kuti okalamba aziwongola miyendo, tiona kuti zonsezi zidamangidwira munthu wosafulumira, amene dotolo wamuuza kuti asambe m'mawa, agone pang'ono, ayende madzulo, mawa abwereze.

Chimene chinkawakoka ndi madzi. Amene amadziwa akasupe a ku Chiweta kapena a Mawira ku Nkhotakota sangadabwe kumva kuti madzi amatha kutuluka pansi ali otentha. Ku Gastein akasupe amatulutsa malita pafupifupi 5 miliyoni pa tsiku, otentha mpaka madigiri 47, ndipo kuyambira 1830 ena mwa madziwo amatumizidwa m'mipope ku tawuni ya kumunsi ya Bad Hofgastein. Madziwo ndi oyera mbee, alibe fungo lamphamvu, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankadabwa kuti mphamvu yake ili pati. Mu 1904 akatswiri adapezamo mpweya wa radon, umene umachokera m'miyala yokhala ndi uranium. Kenako mu 1940, pa nthawi ya nkhondo, anthu adayamba kukumbanso phiri la Radhausberg pafupi ndi mudzi wa Böckstein pofuna golide. Golide wokwanira sadampeze, koma ena mwa okumbawo adanena kuti nyamakazi yawo ikuchepa. Mu 1952 mgodiwo udasanduka chipatala chotchedwa Heilstollen. Odwala amavala zovala zosambira, kukwera kasitima kopapatiza, n'kulowa makilomita awiri ndi kupitirira m'kati mwa phiri. Kumeneko kutentha kumayambira madigiri 37 kufika 41.5, chinyezi chimatha kufika 100 peresenti, ndipo munthu amagona pabedi m'mphepete mwa njanji kwa pafupifupi ola limodzi, thukuta lili kamukamu, osayankhula, adotolo akuyendera. Satero kamodzi. Amabwereza kangapo pa sabata kwa masabata awiri, atatu kapena anayi.

Apa ndi pamene wotsutsa woyamba amadzuka, ndipo ali ndi mfundo yolemera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati radon ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, yachiwiri kwa fodya, ndipo limalangiza kuti m'nyumba zogona muyezo wake usamapitirire mabekerelo 100 pa kiyubiki mita. Mu Heilstollen muli pafupifupi 44,000. Nanga munthu wanzeru angauze bwanji anzake kuti akhalitse pamalo pamene chokokera alendo chake ndi mpweya umene kwina akuwononga ndalama kuutulutsa m'nyumba? Oyendetsa chipatalacho amayankha kuti kupuma mpweyawo maola khumi pa chaka n'kosiyana ndi kugona nawo zaka makumi atatu, ndipo masamu ake ndi oona ndithu. Amasonyezanso kafukufuku wa odwala nyamakazi, makamaka matenda oumitsa msana otchedwa Morbus Bechterew, amene adanena kuti ululu udachepa kwa miyezi ingapo ndipo adachepetsa mankhwala opha ululu. Vuto ndi lakuti kafukufuku wotere amakhala wa anthu ochepa, ndipo n'kovuta kulekanitsa ntchito ya radon ndi ya kutentha, ya kupuma ku ntchito, ndi ya chikhulupiriro cha wodwalayo. Madotolo ambiri a m'mayiko ena sakhutira nazo. Chigamulo changa n'chakuti munthu wa msana wopweteka amene dotolo wake wavomereza ali ndi chifukwa cholowera m'phirimo, koma munthu wabwinobwino wongofuna chojambula alibe. Amayi oyembekezera saloledwa n'komwe, ndipo zimenezo zikutiuza kuti eni akewo amadziwa kuti si masewera.

Komabe kukayikira radon sikugwetsa mfundo yanga, kukuilimbitsa. Ngati chimene chimathandiza odwala si mpweyawo kwenikweni, ndiye kuti ndi zinazo: madzi ofunda tsiku ndi tsiku, kulimbitsa thupi mowongoleredwa, kugona pa nthawi yake, kuyenda m'mpweya wa pamtunda wa mamita 1,000, ndi masabata atatu opanda bwana. Zonsezi zimafuna masiku. Ndiye chifukwa chake inshuwalansi ya boma ku Austria ikavomera kulipirira munthu chithandizo chotere, chimene amachitcha Kur, imamupatsa pafupifupi masabata atatu. Munthu amene waviika thupi maola awiri m'dziwe la Felsentherme, limene lidasemedwa m'thanthwe mu 1968, wasangalala ndipo palibe womuletsa, koma asadzinamize kuti walawa chimene chidabweretsa mafumu kumeneko.

Tawuniyo idadwala pamene alendo okhalitsa adatha. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idachotsa mafumu ndi nduna zawo. Nkhondo yachiwiri itatha kudabwera mpumulo: mu 1958 Bad Gastein idachititsa mpikisano wa dziko lonse wa masewera otsetsereka pa chipale chofewa, ndipo mu 1974 idatsegula nyumba yaikulu ya misonkhano ya konkire, Kongresshaus, pakatikati pa tawuni. Koma mankhwala atsopano adachepetsa kufunika kwa madzi ochiritsa, ndege zidatsika mtengo moti anthu adayamba kukonda nyanja ya Mediterranean, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Germany, kumene kumachokera alendo ambiri, idafupikitsa Kur kuchoka pa masabata anayi kufika atatu. Hotela ya zipinda zambiri, ya denga lalitali, yofuna kutenthetsedwa miyezi yonse yozizira, singakhale ndi moyo podalira alendo a Loweruka ndi Lamlungu. Cha m'ma 2000 wamalonda wina wa ku Vienna adagula nyumba zingapo za pakati pa tawuni, kuphatikizapo Straubinger, Badeschloss ndi Kongresshaus, n'kungozisiya zotseka. Pulasitala adayamba kugwa, mawindo adakhomedwa matabwa, mu 2013 Badeschloss idagwira moto, ndipo anthu okhala m'tawuniyo, amene kale ankapitirira 5,000, adanka nachepa.

Wotsutsa wachiwiri amalowera pamenepa, ndipo mfundo yake ndi imene imandivuta kwambiri. Iye amati amene adadzutsa Bad Gastein si odwala nyamakazi ayi, koma achinyamata a ku Berlin, Hamburg ndi Vienna amene adakopeka ndi mabwinja omwewo. Nyumba zakugwa zoyang'ana mathithi zimajambulika bwino, zithunzizo zidafalikira pa Instagram, mahotela ang'onoang'ono ngati Miramonte ndi Haus Hirt adakonzedwa mwa makono, kudayamba zionetsero za zojambulajambula m'miyezi yotentha, ndipo dzina la tawuniyo lidamvekanso. Popanda phokosolo, akutero iye, boma la chigawo cha Salzburg silikadagula nyumba zitatu za pabwalo la Straubinger mu 2017 pa mtengo wa mayuro pafupifupi 6 miliyoni, ndipo kampani ya Hirmer ya ku Munich sikadaziwombola n'kuzitsegulanso mu 2023. Ndikuvomera kuti izi n'zoona kwambiri, ndipo aliyense wonyoza mlendo wa foni m'manja akumbukire kuti ndiye adakuwa pamene ena anali chete. Koma kukuwa ndi kwina, kudyetsa tawuni ndi kwina. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Wojambula mabwinja salipira kalikonse kwa mwini nyumba, ndipo chimene chidamukoka chimatha tsiku limene nyumbayo yapakidwa utoto. Wophika buledi, wogulitsa mankhwala, wolimbitsa odwala mafupa ndi woyendetsa basi ya ku Böckstein amadalira munthu amene adzadzuka m'tawuni momwemo Lachiwiri la mwezi wa October, nthawi imene chipale sichinagwe ndipo oyenda m'mapiri apita kwawo. Munthu ameneyo, mpaka lero, kawirikawiri ndi wa Kur.

Kukonzanso kumeneku nakonso kuli ndi zokayikitsa. Kumbuyo kwa Badeschloss adamangako nsanja yaitali yatsopano kuti zipinda zichuluke, ndipo ena okonda nyumba zakale adadandaula kuti yasokoneza nkhope ya tawuni. Kwa ine kudandaulako n'kopepuka, chifukwa tawuni imene idalola nyumba ya konkire ya 1974 pakati pake siyinayambe yakhala yoyera m'maso, ndipo nsanja yokhala ndi anthu iposa nyumba yachifumu yodontha. Chodetsa nkhawa chenicheni ndi mitengo, ndipo ndiye mfundo ya wotsutsa wachitatu: kuuza anthu kuti akhalitse n'kosavuta kwa wolemba, koma usiku umodzi mu Straubinger yatsopano ndi ndalama zimene banja wamba silingatulutse kasanu ndi kawiri. Kodi sitikungobwezera tawuniyi kwa olemera, monga zinalili m'masiku a Wilhelm? Ngoziyo ilipo. Koma chigwa cha Gastein si mahotela awiri okha. Kuli nyumba za alendo za mabanja ku Böckstein ndi ku Bad Hofgastein, kuli zipinda zokhala ndi khitchini zimene mtengo wake umatsika munthu akatenga sabata, ndipo tinjira ta m'mapiri ndi taulere. Amene amawononga kwambiri pa tsiku ndi wothamangayo, wolipira sitima yopita ndi yobwera chifukwa cha maola anayi.

Pali chinanso chimene wothamanga sachiona, ndipo sichili pa zithunzi zokopa alendo. Chaka cha 1938 chisanafike, ambiri mwa alendo okhulupirika a Bad Gastein anali Ayuda a ku Vienna, Budapest ndi Berlin, ndipo Austria italowa m'manja mwa chipani cha Nazi adaletsedwa kubwera. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali a ku America adasandutsa ena mwa mahotela omwewo kukhala malo osungirako Ayuda opulumuka ku misasa yophera anthu, ndipo adakhalamo mpaka cha mu 1947. Munthu amene waima pamlatho mphindi khumi amachoka ndi nthano ya mafumu ndi madansi. Amene wakhala masiku angapo, walowa m'nyumba yosungira mbiri ya chigwacho, wayenda wapansi kukafika ku Böckstein kumene kudakali nyumba za anthu a m'migodi ya golide, amachoka akudziwa kuti chuma cha maloyi chidachokera m'migodi chisanachokere m'mabafa, ndiponso kuti makoma okongolawo adaona zoipa.

Sindikunena kuti aliyense akhale masabata atatu. Masiku amenewo ndi a wodwala wokhala ndi kalata ya dotolo. Koma kwa mlendo wamba amene wafika kale ku Salzburg ndipo akuganiza zoponya phazi ku Bad Gastein, masiku anayi kapena asanu ndiwo ochepetsetsa amene angamveke: kusamba kangapo m'madziwo, kukwera phiri la Stubnerkogel tsiku limodzi, kuyenda m'chigwa cha Kötschachtal tsiku lina, ndi tsiku limodzi losachita kanthu. Anyamule nsapato zolimba, pakuti misewu ya tawuniyi ndi zitunda ndi masitepe okhaokha. Ngati ali ndi tsiku limodzi lokha, angachite bwino kulithera ku Salzburg komweko, ndipo ku Heilstollen asalowe asanaonane ndi dotolo.